Pepala la Zotsatira Limene a Telala Anadula

Lachitatu masana, patatha sabata imodzi chilengezereni zotsatira za chisankho, a Telala ankapalasa makina osokera pakhonde la shopu yawo pamene anaona mwana wawo wamkazi akubwera atagwira mpango pamphumi. M'mawa mpangowo unali woyera. Tsopano unali wofiira, ndipo magazi ena anali atadonthera pa bulauzi. Mwanayu anali mphunzitsi pa sukulu ya kuseri kwa msika, ndipo nthawi imeneyo anayenera kukhala ali m'kalasi.

"Chachitika n'chiyani?" anafunsa a Telala, phazi litaima pa chopondera.

"Mwala, bambo. Pageti la sukulu. Akuti ndine ndinagulitsa mavoti kwa anthu akunja."

Anatulutsa foni n'kuwapatsa. Panali chithunzi chake cha tsiku loponya voti, atavala chovala cha ogwira ntchito yachisankho, atanyamula kamakina kotumizira zotsatira. Wina anali atazunguliza nkhope yake ndi mzere wofiira n'kulemba pansi kuti: "Pasukulu pano munthu wathu anapeza mavoti 500, mayi uyu ndiye anawatembenuza." Pamwamba pa chithunzicho panali uthenga wa mawu. A Telala sanafunike kuumvera mpaka kumapeto, chifukwa ankaudziwa ngati nyimbo.

Munali mawu a bambo wina wosatchula dzina, wolankhula modekha ngati wa mu ofesi. Ankati akatswiri a makompyuta a dziko lina analowa mwakuba m'makina a chisankho n'kusintha manambala, ndiponso kuti ena mwa anthu amene anagwira makinawo anapatsidwa nambala yachinsinsi. Loweruka lapitalo uthengawu unawatsekemera kwambiri a Telala, moti anautumiza m'magulu asanu ndi awiri. M'maganizo mwawo ogwira makinawo anali anthu ena akutali, a mataye ndi magalimoto. Sanaganizeko za mwana amene amadya naye mbale imodzi.

"Chithunzicho anaika ndi wina," anatero mwanayo. "Koma mawuwo, pa gulu la makolo a pasukulu, anatumiza ndi inu. Dzina lanu lili pamenepo."

Sanakweze mawu, ndipo zimenezo ndi zimene zinawapweteka kwambiri a Telala. Mayi a mwanayo anatuluka m'nyumba, imene inali kuseri kwa shopu, n'kumutengera kuchipatala osanena kanthu kwa amuna awo. Atabwerako, pamphumi panali posokedwa kanayi. Panalinso mawu ochokera kwa aphunzitsi aakulu akuti ayambe wakhala pakhomo, poti Lachisanu makolo akumana pasukulu kuti apemphe zoti amuchotse. Ena ankanena poyera kuti msonkhano ukangotha adzafika kunyumba.

A Telala anali munthu wachipani wa pamtima. Mbendera zonse za chipani chawo m'deralo anasoka okha, osalipiritsa ngakhale ulusi. Pa tsiku la chisankho anali monita wa chipanicho pasukulu yomweyo. Anakhala pa benchi ya ana kuyambira m'mawa mpaka kuwerenga kutatha, msana ukuwawa, maso ali pa bokosi. Choncho panali chinthu chimodzi chimene ankachidziwa bwino, ndipo sabata yonse anayesetsa kuchiiwala.

Lachinayi m'mawa kunabwera a Chimkuzamawu, mnzawo wometa tsitsi pa shopu yoyandikana. Dzinalo anawapatsa anthu chifukwa akati anong'one, wogulitsa tomato kutsidya kwa msewu amayankha.

"Achimwene, pepani za mwana," anatero atakhala pa mpando wa makasitomala. "Mwala ndi wolakwika, ine sindigwirizana nazo. Koma nkhani ya akunjayi ndi yoona. Inu munaona nokha misonkhano yathu mmene inkadzadzira. Anthu onse aja anapita kuti? Mwanayo mwina anangomupusitsa. Mawa angopepesa, anene kuti sankadziwa, anthu mitima izizira."

"Apepese chiyani?" linafunsa liwu la mayi pamasitepe.

Anali mayi Kalaliki, neba wawo, amene anagwira ntchito ya ukalaliki kukhoti zaka zambiri asanapume. Pa chisankhochi anali m'gulu la anthu oonerera osaimira chipani chilichonse. Anabwera kudzatenga siketi imene a Telala ankati aimaliza mawa kuyambira mwezi wathawo.

"Mayi, inu mukufuna kunena kuti akunja salowerera zisankho za eni ake?" anafunsa a Chimkuzamawu. "Ndife ana ife?"

"Ayi, sindinanene choncho. Zimachitika. Alipo amene amayesa kuthyola makompyuta, ndipo alipo amene amapeka mauthenga abodza kuti anthu amenyane. Ngati zachitika kuno, ziyenera kufufuzidwa, ndipo ine ndikhala woyamba kuperekeza wodandaula. Koma ndikufunseni. Voti yanu munaponya m'makina?"

"Ndinaponya m'bokosi."

"Inali chiyani?"

"Pepala, nanga n'kukhala chiyani?"

"Anawerenga ndani mapepalawo?"

A Chimkuzamawu analoza a Telala ndi chibwano. "Awa analipo."

"Ndiye tiyambire pamenepo," anatero mayi Kalaliki, akukhala pa mulu wa nsalu osadikira kupatsidwa malo. "Mavoti amawerengedwa ndi manja, mamonita a zipani zonse akuona. Manambala amalembedwa pa pepala la zotsatira, onse n'kusayina, ndipo monita aliyense amapatsidwa kope yake. Kamakina kamene anagwira mwanayu kamangojambula pepalalo n'kutumiza. Munthu wa kunja, kaya ndi katswiri wotani, akhoza kusintha nambala ya pa kompyuta, koma sangalowetse dzanja m'thumba la a Telala n'kufufuta pepala. Tikatenga kope yawo n'kuyerekeza ndi zimene bungwe loyendetsa chisankho laika pa intaneti, tidziwa lero lomwe. Zikasiyana, tili ndi umboni wopita nawo ku ofesi ya madandaulo ndi kukhoti. Zikafanana, ndiye kuti pasukulu paja palibe amene anatembenuza kanthu."

"Nanga ngati anasintha kwina?"

"Kwinako kulinso mamonita anu ndi makope awo. Chipani chiwasonkhanitse, chiwerengetse. Koma amene wagendedwa ndi wa pasukulu paja." Anatembenuka. "A Telala, kope yanu ili kuti?"

A Telala anayamba kufunafuna tepi yoyezera, imene inali pakhosi pawo.

"Ndiiyang'ana," anatero.

A Chimkuzamawu anaitanidwa ndi kasitomala n'kupita. Mayi Kalaliki sanasunthe. Anthu amene anakhalitsa kukhoti amadziwa kudikira munthu mpaka atatopa ndi bodza lake. Pamapeto pake a Telala anaimirira n'kuyang'ana khoma la kumbuyo kwa makina, pamene pali msomali wokolekapo mapateni.

Telala aliyense amadziwa kuti pepala lalikulu lolimba silitayidwa. Kalendala yakale, chikwangwani cha msonkhano, zonse zimasanduka pateni yodulira nsalu. Pepala la zotsatira linali lalikulu bwino, losang'ambika msanga. A Telala anabwera nalo kunyumba mtima ukuwawa, akulu a chipani sanabwere kudzalitenga, ndipo sabata imeneyo kunali mayunifolomu a ana oti asokedwe. Koma kunena zoona, si kusowa kwa pepala kumene kunawachititsa. Sankafuna kuti liziwayang'ana. Analiyala patebulo, n'kudulapo kolala, mkono ndi thumba la malaya a mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri.

Anachotsa zidutswa zitatu pamsomali n'kuziika pamaso pa mayi Kalaliki.

Mayiwo anavala magalasi, anayang'ana, n'kupumira m'mwamba. "Bambo inu. Umboni wa mudzi wonse mwausandutsa kolala?"

"Ndinapsa mtima."

"Munapsa mtima chifukwa cha chiyani? Pepalali linkanena zotani?"

A Telala anakhala pansi. "Tinagonja, mayi. Pasukulu paja tinagonja. Ndinawerenga nawo, ndinapempha kuti abwerezenso, anabwereza, zinali zomwezo. Ndinasayina ndi dzanja langali. Koma utabwera uthenga uja, mtima unapepuka. Ndinati mwina sitinagonje, anatibera. Kuberedwa sikuchititsa manyazi ngati kukanidwa ndi anthu amene umawasokera zovala."

Atadzutsa mutu anaona mwana wawo ataima pakhomo la mkati, bandeji ili pamphumi. Anali atamva zonse.

"Ndiye munkadziwa," anatero. "Sabata yonseyi anthu akunena za 500 pakhonde pano, inu mukungopalasa makina."

Anabwerera m'nyumba. A Telala akanakonda mwanayo akanangowatukwana.

Mayi Kalaliki sanawapatse mpata wolira. Anayala zidutswa zija patebulo. Pa kolala panali dzina la sukulu ndi chidindo. Pa mkono panali masiginecha, ya a Telala ili yachitatu, yopindikapindika ngati ya nduna. Pa thumba panali mayina a opikisana. Koma manambala enieniwo panalibe, chifukwa sizasi inadutsa pakati pa mayina ndi manambala.

"Zotsala mumataya kuti?"

"M'saka la zidutswa. Mayi a kunyumba amapangira mapilo."

Akazi awo anabweretsa sakalo, n'kubweretsanso mapilo awiri amene anali atasoka kale dzana. Sanayang'ane amuna awo kumaso. Anatenga lumo n'kutumbula mapilowo, n'kukhuthulira zonse pansi. Anthu atatu akuluakulu anagwada pa simenti akusanthula tizidutswa ta nsalu za maukwati, za maliro, za mayunifolomu, ndi za mbendera za chipani. Fumbi la nsalu linkawatsamwitsa. Kasitomala wina anasuzumira, n'kubwerera osapereka moni.

Dzuwa litapendeka anali atapeza tizidutswa ta pepala khumi ndi kamodzi. Kamene kanali ndi manambala anakapeza akaziwo m'pilo yachiwiri, katakwinyika. Anakawongola pa bondo n'kukapereka kwa amuna awo. "Ndi aka kamene mumakaopa," anatero. Awa anali mawu awo oyamba kwa iwo chichokereni kuchipatala.

Guluu m'shopumo munalibe. A Telala anachita zimene manja awo amadziwa. Anayala nsalu yoyera, anasita tizidutswato ndi simbi yofunda pang'ono, anatilumikiza ndi mapini kamodzikamodzi, kenako n'kusokerera pa nsaluyo ndi ulusi woyera, mosamala kuposa mmene amasokera diresi la mkwatibwi. Pepala linabwereranso, lili ndi zipsera ponseponse ndi mabowo awiri m'mbali, koma likuwerengeka. Munthu wa chipani chawo 212. Wa chipani chinacho 347. Mavoti owonongeka 9.

Mayi Kalaliki anatsegula tsamba la bungwe loyendetsa chisankho pa foni yawo, anafufuza dzina la sukulu, n'kuwaonetsa. Chithunzi chimene mwana wawo anatumiza chinali pomwepo, siginecha ya a Telala ili yachitatu. Manambala anali omwewo, osasiyana ngakhale imodzi.

"Ndisakunamizeni," anatero mayiwo. "Likanakhala lopita kukhoti, pepala lodulidwa chonchi loya akanakuvutitsani nalo. Kope ya monita imasungidwa yathunthu, pouma. Mwayi wake, monita wa chipani chinacho ali ndi yake, ndipo inenso ndinalemba manambala m'buku langa. Mawa tibweretsa zonse. Koma anthu ajawo sakamvera ine, akati ndinagulidwa. Wa chipani chinacho ndiye sangamulole n'kuyasamula komwe. Amene angamumvere ndi wawo."

A Telala anamva bwino lomwe. Anayang'ana mbendera ya chipani imene inali pakhoma, n'kuyang'ananso mayunifolomu amene anali pa hang'ala. Theka la makasitomala awo linali la anthu omwe akakhale pa msonkhanowo.

Lachisanu m'mawa makolo anadzaza bwalo la sukulu. Ena sanali makolo n'komwe. Pafupi ndi geti panali anyamata aminyewa amene sankalankhula, manja ali kumbuyo. Aphunzitsi aakulu ankayesa kutsegula msonkhano koma mawu awo ankamira. A Chimkuzamawu ndi amene ankamveka, akufotokoza za akatswiri akunja ngati anadya nawo limodzi.

A Telala anakwera pa masitepe a kalasi. Anthu atawaona anakhala chete pang'ono, poganiza kuti abwera kudzapepesa m'malo mwa mwana wawo. Iwo anatambasula nsalu ija n'kuikweza ndi manja awiri.

"Nonse mumandidziwa," anatero. "Mbendera zimene munanyamula pa misonkhano ndinasoka ine. Pano munandituma ine kuti ndikhale maso anu. Ndinakhala m'kalasi ili m'mbuyo mwangamu. Mavoti anawerengedwa ndikuona, kawiri. Munthu wathu anapeza 212. Winayo 347. Za 500 ndi zabodza, ndipo ine ndinkadziwa kuti ndi zabodza."

Phokoso linabuka. Wina anakuwa kuti wagulidwa. Wina anati akuteteza mwana wake, nanga angatani. Chibuluma cha dothi chinagwa pa sitepe n'kumwazikira pa nsapato zawo. A Telala sanatsitse manja.

"Pepalali ndinalidula ndekha chifukwa cha manyazi, ndalisokanso ndekha. Amene akuti ndagulidwa abwere aone tsiku limene ndinasayina. Achimwene a Chimkuzamawu, inu siginecha yanga mumaidziwa. Bwerani muwerenge, mawu anu ndi amene amafika kumbuyo."

A Chimkuzamawu anayang'ana uku ndi uku, koma maso onse anali pa iwo. Anakwera masitepe monyinyirika. Mayi Kalaliki anawapatsa foni, buku lawo, ndi kope yathunthu ya monita wa chipani chinacho. Bamboyo anayendetsa chala pa nsalu, pa kope, pa buku, pa foni. Anabwereza. Kenako anawerenga manambala mokweza, kanayi, ndipo kanayi konse anali amodzimodzi. Aka kanali koyamba anthu kuwamva akulankhula ngati munthu wodwala chimfine.

"Ndiye akunjawo sanalowe?" anafunsa mayi wina wobereka mwana.

"Pasukulu pano manambala sanasinthidwe, zimenezo mwaziona nokha," anayankha mayi Kalaliki. "Za kwina sindingalumbire, sindinaliko. Amene ali ndi kope yosiyana ndi zimene zinalengezedwa apite nayo ku ofesi ya madandaulo nthawi yake isanathe, ndipo khoti lilipo. Koma taganizani za bambo wa mu uthenga uja. Dzina lake ndani? Ali kuti? Waonetsa pepala lanji? Kaya ndi wakunja, kaya ndi wa konkuno, sanafunike kuthyola makina alionse. Anangolowa m'mafoni mwathu, ife tomwe n'kumugwirira ntchito yotsalayo. Iye ali phee kumene aliko. Wosokedwa pamphumi ndi mphunzitsi wa ana anu."

Palibe amene anawomba m'manja. Anthu anayamba kuchoka awiriawiri, ena akung'ung'udza kuti nkhaniyi sinathe. Anyamata a pageti aja anasowa osaoneka kumene alowera, ndipo pamene anaima panatsala miyala isanu. Amayi atatu anapita kwa aphunzitsi aakulu kukanena kuti mphunzitsiyo abwerere. Mmodzi wa iwo anatchula dzina la amene anaponya mwala Lachitatu, ndipo nkhaniyo inapita kupolisi.

Madzulo a tsikulo a Telala anakhala patebulo n'kujambula nsalu ija. Anatumiza chithunzicho m'magulu onse asanu ndi awiri, ndi mawu awoawo, atatchula dzina lawo: kuti uthenga umene anatumiza Loweruka unalibe umboni, kuti mwana wawo sanalakwe, ndiponso kuti wolakwa ndi iwo. Magulu awiri anawachotsa nthawi yomweyo. Loweruka anthu anayi anabwera kudzatenga nsalu zawo zisanasokedwe. A Chimkuzamawu anatha masiku atatu osawoloka khonde, kenako anabwera ndi thalauza long'ambika n'kukhala pa mpando wawo wakale osatchula za chisankho.

Lolemba m'mawa mwana uja anatuluka atanyamula mabuku. Bandeji anali atachotsa, ndipo chipsera chinkaoneka bwino pamwamba pa diso lamanzere. A Telala anali atatsegula kale shopu. Nsalu ya zotsatira inali pakhoma, pamene kale panali mbendera.

"Ndikuperekeze, mwana wanga?" anafunsa.

"Ayi, bambo. Ndipita ndekha."

Anatsika masitepe awiri n'kuima. "Ana akandifunsa za pamphumipa, ndiwauze chiyani?"

A Telala anati: "Uwauze zoona. Uwauze kuti mwala anaponya wina, koma njira anamuonetsa ndi bambo ako."

Mwanayo anawayang'ana. Sanamwetulire, koma anabwerera sitepe imodzi n'kuwakonzera tepi imene inali itapotoka pakhosi, monga ankachitira ali wamng'ono. Kenako anapita kusukulu, ndipo tsiku limenelo anaphunzitsa mpaka belu lomaliza.

Nsalu ija ikadali pakhoma. Aliyense wofunsa za iyo, a Telala amaimitsa makina n'kumuuza zimene anaphunzira mochedwa. Nkhani yakuti akunja abera chisankho ndi yaikulu, ndipo nkhani yaikulu imafuna umboni. Ukamva, funsa amene wanena, funsa pepala limene waonetsa, ndipo usatumize kwa ena usanatsimikize. Ngati ndiwe monita, sunga kope yako yathunthu n'kuiyerekeza ndi zimene zalengezedwa. Zikasiyana, pita nayo ku ofesi ya madandaulo ndi kukhoti. Zikafanana, nena zoona ngakhale wako wagonja. Akamaliza amaloza chithunzi cha mwana wawo chimene chili pambali pa nsaluyo, chojambulidwa chipsera chili kale pamphumi, n'kunena kuti pepala anatha kulisoka, koma pamenepo mpaka lero pamaonekabe.